Mafunso Awiri Ofunsa Chikalata Chakale

Pamene tinkayendera ophunzira athu amene ankayeserera kuphunzitsa m'sukulu za ku Lobi, tinamva mwana wina wa Sitandade 7 akufunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, amene analemba bukuli anadziwa bwanji zinthu zimene zinachitika iye asanabadwe?" Mphunzitsi anangoyankha kuti zimenezo n'zolembedwa. Mwanayo anakhala pansi, koma nkhope yake inaonetsa kuti sanakhutire. Funso limeneli ndilo tsinde la phunziro lonse la mbiri yakale, ndipo mphunzitsi amene alikankhira kumbali amazoloweza ana kuloweza m'malo moganiza. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti chikalata chilichonse chakale tiyenera kuchifunsa mafunso awiri: chinalembedwa pa chiyani ndi chiyani, ndipo chinadutsa m'manja mwa yani chisanatipeze ife?

Chitsanzo cha ku Ulaya

Makina osindikizira asanafike ku Ulaya, mabuku onse ankalembedwa pamanja. Ku England, m'nyumba ya amonke ya St Albans, munali mmonke dzina lake Matthew Paris, amene anamwalira mu 1259. Iyeyu analemba m'Chilatini buku lalikulu la zochitika chaka ndi chaka lotchedwa Chronica Majora. Sanalembe pa pepala ayi, koma pa zikopa za nyama zopalidwa bwino, ndipo cholembera chake chinali nthenga yosongola. M'mphepete mwa masamba ankajambulamo zithunzi, ndipo anajambulanso njovu imene inafika ku London mu 1255. Nyumba ya amonkeyo itatsekedwa ndi Mfumu Henry VIII mu 1539, mabuku ake anabalalika. Zigawo ziwiri za bukuli zinafika m'manja mwa Matthew Parker, mkulu wa mabishopu ku Canterbury, amene anasiyira mabuku ake koleji ya Corpus Christi ku Cambridge. Chigawo chotsiriza chili ku British Library. Akatswiri amalikhulupirira bukuli chifukwa amatha kuzindikira dzanja la mlembi wake ndi kulondola njira imene linayenda.

Mapepala a Livingstone

Koma sitifunika kupita kutali chotere, pakuti tili ndi chitsanzo chokhudza dera lathu lomwe lino. Mu Okutobala 1866, David Livingstone anakwera kuchokera kunyanja, nadutsa m'dziko lokwera lino, nawoloka mtsinje wa Diamphwe, naona mapiri a Dzalanyama. Analemba za minda ya anthu ndi za ng'anjo zawo zoyengera chitsulo. Chizolowezi chake chinali chotere: ali paulendo ankalemba mwachidule m'timabuku ta m'thumba, ndipo akapeza mpata ankakopera zonse m'buku lalikulu, akumakonza mawu apa ndi apo.

Pofika mu 1871, ali ku Nyangwe m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba m'dziko la Congo, mapepala ndi inki zinamuthera. Tsono anatenga nyuzipepala yakale ya ku London yotchedwa The Standard, ya pa 24 Novembala 1869, naidula timasamba, nayamba kulemba mopingasa pamwamba pa zilembo zosindikizidwa. Inki anaipanga kuchokera ku njere za chomera chimene anachitcha zingifure. Pa timasamba timeneti ndi pamene analembapo zimene anaona ndi maso ake pa 15 Julayi 1871, pamene anthu a amalonda ogula minyanga ndi akapolo anawombera khamu pamsika. Anthu mazana angapo anafa, ambiri a iwo amayi, ndipo ena anamira mumtsinje pothawa.

Taonani zimene pepala lenilenilo likutiuza tisanawerenge ndi liwu limodzi lomwe. Nyuzipepala ya zaka pafupifupi ziwiri zapitazo ikusonyeza munthu amene katundu wake sankamufika. Inki ya njere ikusonyeza kusowa. Wopeka nkhani ali pampando ku London sakadalemba pa zinthu zotere.

Manja amene anagwira mapepalawa

Henry Morton Stanley anakumana ndi Livingstone ku Ujiji chakumapeto kwa 1871. Posiyana mu Malichi 1872, Livingstone anampatsa buku lalikulu lija atalimata ndi zidindo, kuti akapereke kwa ana ake. Mbiri ya ku Nyangwe itamveka ku Britain, inathandiza kukakamiza Sultani Barghash kutseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar mu Juni 1873.

Livingstone anamwalira kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, pa 1 Meyi 1873. Anthu ake, motsogozedwa ndi Abdullah Susi wa ku Shupanga ndi James Chuma, Myao amene anawomboledwa kwa ogula akapolo m'mapiri a Shire mu 1861, ananyamula mtembo pamodzi ndi timabuku ndi mapu ake mpaka ku Bagamoyo, kumene anafika mu Febuluwale 1874. Mnzawo Jacob Wainwright, yemwe ankadziwa kulemba, analemba mndandanda wa katundu wa malemuyo. Anthu amenewa akadataya mabokosi aja panjira kuti katundu apepuke, zambiri za ulendo wotsirizawo sitikadazidziwa. Ana athu ayenera kuwadziwa maina awo.

M'chaka chomwecho cha 1874, Horace Waller anasonkhanitsa zolemba zonse, nafunsa Susi ndi Chuma za masiku otsiriza, natulutsa buku lotchedwa Last Journals. Timasamba ta nyuzipepala tija pambuyo pake tinakasungidwa m'nyumba imene Livingstone anabadwiramo ku Blantyre wa ku Scotland, imene inatsegulidwa ngati malo a chikumbutso mu 1929. Koma inki ya njere inazilala, mwakuti mawu ambiri sankawerengeka.

Mu 2010 akatswiri motsogozedwa ndi Adrian Wisnicki anajambula timasambato ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana, kwina kosaoneka ndi maso, ndipo kompyuta inalekanitsa zilembo za nyuzipepala ndi za Livingstone. Zimene anapeza anazifalitsa mu 2011. Zinaoneka kuti mawu ena aukali amene Livingstone analemba za anthu omutsatira, ndiponso nkhawa zake zina, zinafewetsedwa kapena kusiyidwa pokopera m'buku lalikulu ndi posindikiza. Kotero nkhani imodzi ili ndi maonekedwe atatu: ya tsiku lomwelo, ya wolemba atakhala pansi kuganiza, ndi ya mkonzi. Dzanja lililonse limene linagwira linasiyapo chizindikiro chake.

Zochita m'kalasi

Mphunzitsi wa ku Lobi alibe zikopa za Chilatini, koma ali ndi zikalata zakezake. Mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu muli buku la zochitika pasukulu ndi makaundula akale. Kutchalitchi kuli mabuku a ubatizo ndi a maukwati. M'midzi muli akuluakulu osunga ziphaso za msonkho ndi makalata ochokera ku Joni ndi ku Halale.

Pemphani chilolezo, mubwere ndi chimodzi m'kalasi. Poyamba ana asawerenge. Angoyang'ana ndi kufotokoza. Kodi pepala lake n'lotani? Inki ndi yamtundu umodzi kapena yasintha? Kodi dzanja la wolemba likusintha pa tsamba liti, ndipo kusinthako kukutanthauzanji? Pali masamba ong'ambidwa kapena mawu ofufutidwa? Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho musawafulumize. Chachiwiri, alembe mndandanda wa onse amene anasungapo chikalatacho, kuyambira wolemba mpaka amene wakubwerekani. Chachitatu, ana awiri alembe payekhapayekha zimene zinachitika pamsika dzulo lake, wachitatu akopere mofupikitsa, ndipo kalasi ifanizire zolembazo. Adzaona okha mmene nkhani imasinthira ngakhale popanda wonama.

Pomaliza, tikupemphani kuti mukafika pasukulu imene adzakutumizani, mukafunse kumene mabuku akale amasungidwa. Mukawapeza pansi pomwe pali chinyezi ndi chiswe, akwezeni pamalo pouma, muwakulunge bwino, ndipo mulembe papepala lapadera tsiku limene mwawapeza ndi dzina la amene anakupatsani. Wodzabwera pambuyo panu adzafuna kudziwa zimenezo.