Nthirakuwiri, Munthu Amene Amayendetsa Nkhani

Amene mumaonera mafilimu a ku Nigeria mukuwadziwa apongozi aja. Banja la mwana wawo lili pa mtendere, iwo n'kutulukira ndi chikwama ati adzangokhala sabata ziwiri. Mwezi usanathe, mwamuna ndi mkazi wake sakuyankhulana. Patience Ozokwor anatchuka ndi kusewera mbali zoterezi, moti ena amaiwala kuti ndi sewero chabe.

Mpangankhani wotereyu tingamutche nthirakuwiri kapena kathyali. Sagwira nkhwangwa. Chida chake ndi chakuti amadziwa zimene anzake sakudziwa, ndipo aliyense amamuuza kagawo kosiyana. Olemba amamukonda chifukwa nkhani siyenda popanda vuto, ndipo iye amabweretsa vutolo mosavuta. Owerengafe timakhala tikudziwa chiwembu chonse pamene wochitiridwayo sakudziwa kanthu, ndiye mtima umakhala m'mwamba mpaka kumapeto.

Katswiri wa onse ndi Iago wa m'sewero la Othello, limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1603. Othello ndi mkulu wa asilikali a ku Venice, ndipo wakweza Cassio pa udindo umene Iago ankaufuna. Iago sakalipa. Choyamba akuledzeretsa Cassio kuti ayambitse ndewu n'kuchotsedwa pa udindo. Kenako akumulangiza kuti akapemphe Desdemona, mkazi wa Othello, kuti amupepesere. Desdemona akamachonderera mwamuna wake mwachifundo, Iago akunong'oneza Othello kuti chifundocho chili ndi chifukwa china. Umboni wonse ndi kampango kamodzi kamene Desdemona anagwetsa, Emilia mkazi wa Iago n'kutola, Iago n'kukasiya m'chipinda cha Cassio. Kampango basi! Koma Othello akupha mkazi wake wosalakwa.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Iago sanabweretse chilichonse chatsopano. Othello ndi mlendo wakhungu lakuda pakati pa azungu, ndi wamkulu msinkhu kuposa mkazi wake, ndipo apongozi ake anakwiya ndi ukwatiwo. Mantha akuti mwina sakondedwa anali nawo kale. Iago anangopeza pamene panali bala n'kupakanda. Nkhaniyi Shakespeare anaitenga m'buku la Cinthio wa ku Italy la mu 1565, mmene kathyaliyo amachita chiwembu chifukwa ankamufuna mkaziyo koma sanamupeze. Shakespeare anasokoneza chifukwacho: Iago amatchula udindo, kwina n'kunena kuti akukayikira Othello ndi Emilia, ndipo atagwidwa amakana kufotokoza. N'chifukwa chake amaopsa.

Scar wa mu The Lion King, filimu ya mu 1994, amachita chimodzimodzi. Akupha m'bale wake Mufasa, kenako n'kuuza kamwana Simba kuti imfayo yachitika chifukwa cha iko. Bodzalo likugwira chifukwa mwana aliyense amafulumira kudziimba mlandu. Kalulu wa m'nthano zathu ndi wosiyana pang'ono. Akapatsa Njovu ndi Mvuu chingwe chimodzi kuti azikokana, aliyense n'kumaganiza kuti akulimbana ndi Kalulu, ife timaseka naye, poti wamng'ono wapusitsa akuluakulu odzikuza.

Vuto limabwera wolemba akachita ulesi. M'masewero ambiri a pa wailesi yakanema, nkhani ikangofuna kuzizira, kathyali amapezeka ali kuseri kwa chitseko kumvetsera, kapena watola foni ya mwini wake yosakhoma. Sabata yamawa chimodzimodzi. Apa mpangankhani wasanduka chitsulo chotakasira moto, ndipo ena onse asanduka zitsiru zosatha kufunsa funso limodzi. Choipa kwambiri n'chakuti mlandu wonse umagwera iye yekha: mwamuna amene anamenya mkazi wake atamva miseche amangolira pang'ono kumapeto, n'kukhululukidwa ngati sanachite kanthu. Shakespeare sanam'masule Othello motero. Emilia akumunena m'maso kuti ndi wopusa, ndipo Othello akudzipha.

Ife amene tikukonzekera kukaphunzitsa, tikadzafika pa mpangankhani wotereyu tisadzangofunsa ophunzira kuti woipa ndani, pakuti yankho lake ngakhale mwana wa Fomu 1 alipeza asanamalize tsamba loyamba. Tidzawafunse kuti kathyaliyo akudziwa chiyani chimene ena sakudziwa, wagwira kufooka kwa yani, ndiponso kuti ndi pa tsamba liti pamene Othello akanatha kungoitana Cassio n'kumufunsa kumene anatenga kampangoko.