Banja la Plantin-Moretus ndi ntchito yosindikiza mabuku

Kampani yosindikiza mabuku ya Officina Plantiniana, mumzinda wa Antwerp ku Belgium, inakhala m'manja mwa banja limodzi kuyambira 1555 mpaka 1876. Anaiyambitsa ndi Christophe Plantin, Mfalansa yemwe poyamba ankadyera kusoka ndi kukuta mabuku a anthu ena.

Ambiri amaganiza kuti chuma cha wosindikiza ndi makina. Masiku amenewo makina anali a matabwa ndipo sanali odula kwenikweni. Ndalama zinkathera pa mapepala ndi zilembo. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, kosungunula kuchokera ku mtovu. Wosanja ankatola kamodzikamodzi n'kumayala mawu mozondoka mpaka tsamba kudzaza, kenako amuna awiri n'kulandira, wina kupaka inki, wina kukoka mpini. Akamaliza, zilembozo ankazimwaza n'kuzibwezera m'timabokosi kuti zikagwire tsamba lina. Choncho buku likatha pamsika, kulisindikizanso kunali kuyambira pachiyambi, ndipo mapepala onse ankagulidwa buku lisanagulitsidwe ndi limodzi lomwe.

Apa ndi pamene panagona vuto la ntchito yomwe inatchukitsa Plantin: Baibulo la mavoliyumu 8 la m'Chiheberi, Chigiriki, Chilatini, Chiaramu ndi Chisiriya, lomwe anayamba kusindikiza mu 1568. Mfumu Philip II ya Spain inalonjeza thandizo, koma ndalama zake zinkabwera modontheza, ndipo Plantin anatsala ndi ngongole. Chimene chinadyetsa banjali chinali china, chosatchuka nkomwe: maoda a mabuku a Misa ndi a mapemphero a ansembe opita ku Spain ndi kumaiko omwe inkalamulira. Buku lotere limang'ambika ndi kugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, ndiye wogula amabweranso.

Plantin anamwalira mu 1589 wopanda mwana wamwamuna womusiyira. Ntchito inagwera mkamwini wake Jan Moretus, yemwe analowa ntchito m'sitolo ya mabuku ya Plantin ali mnyamata n'kudzakwatira mwana wake Martina Plantin. Awiriwa anasiya wilo yanzeru: kampani isagawidwe ngati chuma china chamasiye, koma ipite yathunthu kwa mwana amene akuitha, kaya si woyamba kubadwa. Makina, zilembo ndi makasitomala zikagawidwa kwa ana asanu, palibe ndi mmodzi yemwe amatsala ndi nyumba yosindikizira. Mwana wawo Balthasar ndiye anakometsa maonekedwe a mabukuwo, pogwira ntchito ndi mnzake Peter Paul Rubens yemwe ankajambula masamba oyambirira. Bambo akamwalira, amayi amasiye monga Anna Goos ndi Anna Maria de Neuf ankagwira okha chiwongolero.

Kudalira kasitomala mmodzi kunadzawapweteka. Mu 1764 Spain inalamula kuti mabuku ake a tchalitchi azisindikizidwa kwawo komweko, ndipo maoda anauma. Banjali linali litalemera kale ndi malonda ena, motero silinavutike n'kugula makina atsopano. Mwamwayi, linasunganso akale. Buku lomaliza linatuluka mu 1866, ndipo mu 1876 Edward Moretus anagulitsa nyumbayo ndi zonse za m'katimo ku mzinda wa Antwerp. Chaka chotsatira inatsegulidwa ngati nyumba yosungiramo zakale, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. M'menemo muli makina awiri osindikizira akale kwambiri mwa onse amene alipobe lero.