Zinyalala za mumfolo ndi kolera mu mzinda wa Lusaka

Mvula yoyamba ikagwa mu Lusaka, maso a anthu a ku Kanyama, Misisi ndi Chawama amakhala pa ngalande, zimene ambiri amazicha mifolo. Ngati mfolo wadzala ndi mapulasitiki, mabotolo ndi masaka ong'ambika, amadziwiratu kuti madzi alowa m'nyumba, ndipo pambuyo pa madziwo pamabwera matenda otsegula m'mimba.

Nkhani imeneyi ikhudzanso mabanja a kuno kum'mawa. Ambiri ali ndi ana kapena abale m'makomboni a mu Lusaka, ndiponso Chipata, imene inakhala mzinda mu 2017, ikukula mofulumira. Zinyalala nazo zikucuruka.

Boma la Lusaka linali ndi anthu oposa 2 miliyoni pa kalembera wa 2022. Mbali yaikuru ya mzindawu ndi yathyathyathya, ndipo pansi pake pali mwala wa laimu umene uli ndi ming'alu ndi mphako zambiri. M'makomboni ena madzi a pansi ali pafupi kwambiri, kotero kuti munthu akakumba pang'ono amawapeza. Anthu amakondwa pokumba citsime, koma vuto lili pomwepo. Cimbudzi cokumba ndi citsime zimakumana pansi pa nthaka, popeza madzi amadutsa m'ming'alu ya mwala osasefedwa monga acitira mumcenga.

Tsono mfolo ukatsekeka, madzi a mvula amasowa kolowera. Amadzaza zimbudzi mpaka kusefukira, natenga zonyansa kupita nazo pabwalo pamene ana asewera, pamsika pamene agulitsa ndiwo, ndi m'zitsime zosazama. Kacirombo ka kolera kamayenda m'cimbudzi ca munthu wodwala, ndipo kamalowa mwa wina kupyolera m'madzi akumwa kapena cakudya. Pulasitiki palokha silidwalitsa munthu kolera, koma ndilo limatseka njira ya madzi.

Mu Okutobala 2017 kolera inabuka mu Lusaka. Pofika Meyi 2018, anthu oposa 5,000 anali atadwala mumzindamo ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Boma linatuma asilikali kukayeretsa misika ndi misewu, naletsanso malonda a m'mbali mwa msewu. Mzinda unayera kwa kanthawi. Mu Okutobala 2023 matendawa anabukanso, ndipo ulendo uno anali oopsa koposa: m'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira, ambiri mwa iwo a mu Lusaka. Bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale.

Codabwitsa n'cakuti nyengo yomweyo ndiyo inabweretsa cilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi ngozi ya dziko lonse, cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citapserera. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo pofika Seputembala mabanja ambiri anali kukhala opanda malaiti maola mpaka 21 pa tsiku. Malaiti akapita, makina opopa madzi amaima. Pampopi pakauma, mai wa pakomboni amabwerera ku citsime cosazama cija, ndipo madzi osamba m'manja amaumiridwa.

Cilala ca 2024 cinadza makamaka ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula kuno kum'mwera kwa Africa. Koma akatswiri a zanyengo amacenjeza kuti pamene dziko lonse likunka litentha, mvula idzakhala yosadalirika: masiku ambiri a ng'amba, kenaka mvula yamphamvu yogwa nthawi imodzi. Mvula yotere ndiyo imafuna mifolo yotseguka.

Zinyalala nazo zimathandizira kutentha kumeneku. Zimene magalimoto atola mu Lusaka zimakatayidwa ku dzala lalikuru la ku Chunga. Makoko, masamba ndi nsima yotsala zikaunjikidwa ndi kuwolera pansi pa mulu popanda mphepo, zimatulutsa mpweya wa methane. Mpweya umenewu umasunga kutentha kuposa carbon dioxide, wa mu utsi wa magalimoto, nthawi zoposa 25. Umayakanso moto, n'cifukwa cace madzala akuruakuru amafuka utsi masiku ambiri ngakhale palibe amene wayatsa.

Boma lacitapo zace. Ngalande yaikuru ya Bombay inakonzedwa ndi kumangidwa ndi simenti ndi thandizo la ndalama za ku America pa nchito imene inayamba mu 2013. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kasamalidwe ka zinyalala, ndipo caka comweco kunaturuka lamulo lina, Statutory Instrument 65, loletsa mapulasitiki opyapyala kwambiri onyamuliramo katundu, aja ong'ambika asanafike n'kunyumba komwe. Koma ngalande ya simenti nayo imatsekeka ngati anthu aiyesa dzala. Mabanja ena amene alephera kapena safuna kulipira otola zinyalala amadikira usiku, kapena mvula ikayamba, n'kukhuthulira zonse mumfolo kuti madzi apite nazo. Madziwo sapita nazo kutali. Amakazisiya pakamlatho koyamba, pakhomo pa mnansi.

Pamene banja lingacitepo kanthu msanga ndi pa kupatula zinyalala. Munthu akakhuthula saka la zinyalala za pakhomo la pakomboni, adzapeza kuti zambiri, ndiponso zolemera, ndi zowola: makoko a mbatata, mapesi a repu, zitsononkho, masamba osesa pabwalo, ndi phulusa la pambaula. Zimenezi siziyenera kupita ku Chunga kapena ku dzala lina lililonse. Ndi manyowa.

Kapangidwe kace nkosabvuta. Pakona pa bwalo aunjike zouma pansi, monga masamba ndi udzu, pamwamba pace zaziwisi za kukhichini, kenaka awazepo dothi pang'ono ndi kaphulusa. Mulu ukhale wonyowa pang'ono, osati wonyowa cabecabe. Pakapita milungu iwiri kapena itatu autembenuze kuti mphepo ilowe, pakuti mphepoyo ndiyo imaletsa fungo ndi methane. Miyezi iwiri kapena itatu ikatha, manyowa amakhala akuda ndi onunkhira ngati dothi la kudimba. Nyama, mafupa, mafuta, cimbudzi ndi matewera a ana zisaikidwemo, cifukwa zimaitana makoswe ndi nchenche. Kumene madzi a pansi ali pafupi, monga ku Kanyama, kukumba nkhuti sikwabwino. Kuli bwino kuunjika pamwamba kapena m'cidramu cakale cobowola m'mbali. Ngakhale amene akhala m'nyumba ya lendi angabzale repu kapena cibwabwa m'masaka ndi manyowa omwewo.

Zowola zikacoka, saka limapepuka ndipo silinunkha. Mabotolo a pulasitiki, zitini, zitsulo ndi makatoni ali ndi ogula ace, ndipo pali amai ndi anyamata ambiri amene amadya nazo nchito yotola zimenezi. Kuwaikira padera pakhomo kumawapulumutsa ku magalasi osweka ndi nyeleti za m'dzala. Zotsala zenizeni zimakhala zocepa, zoti mabanja awiri kapena atatu angasonkherane kulipira wotola mmodzi amene ali ndi cilolezo ca Khansolo. Popita kumsika, dengu kapena cikwama ca citenje cimakhala zaka.

Kutentha mapulasitiki pabwalo ndi cizolowezi coipa cimene ambiri aciyesa ukhondo. Utsi wace uli ndi poizoni, ndipo umabvuta kwambiri makanda, okalamba ndi odwala mphumu. Coipa koposa ndico kukolezera malasha ndi pulasitiki pambaula pomwe paphikidwa cakudya. Zitini ndi matayala akale nazo zisasiyidwe pabwalo, cifukwa tumadzi totsaliramo timaswetsa udzudzu.

Nthawi yabwino yocotsa zinyalala mumfolo wa pakhomo ndi Seputembala ndi Okutobala, mfolo ukali wouma. Zocotsedwazo zinyamulidwe tsiku lomwelo, pakuti zikasiyidwa m'mphepete mvula yoyamba imazibwezeramo.

Madzi akasefukira pakomboni, citsime ciriconse cosazama ciyesedwe coipitsidwa. Madzi akumwa awiritsidwe mpaka kubwata, kapena athiridwe klorini monga mwa malangizo a pabotolo ndi kudikira mphindi 30. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi ngati otsukira mpunga, apatsidwe ORS nthawi yomweyo. Ngati palibe paketi, asungunule timasupuni 6 ta tiyi ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi abwino. Wodwalayo azimwa pang'onopang'ono ali panjira ya ku kiliniki, cifukwa kolera ingaphe munthu wamkuru m'maola ocepa cabe.