Nkhokwe ya mbewu isasanduke manda

Nkhokwe yachitsulo imasunga mbewu bwino chifukwa simulowa mpweya, ndipo ngozi yake yagona pomwepo. Mbewu imapuma, makamaka yosauma bwino, n'kumamaliza okosijeni. Mumpweya wabwino okosijeni amakhala pafupifupi 21 peresenti, akachepera 19.5, munthu asalowemo.

Mapiritsi a aluminium phosphide ophera anankafumbwe amatulutsa mpweya wakupha wa phosphine. Fungo lake longa adyo si chenjezo lodalirika. Nacho chimanga chikamatulutsidwa kunsi kwa nkhokwe, chimameza woimapo m'masekondi ochepa.

Choncho tsegulani mupite mphepo, yezani mpweya ndi chipangizo, zimitsani makina n'kukhoma loko poyatsira. Wolowa amange lamba wachingwe, mnzake alondere panja. Wam'kati akakomoka, wolondera aitane thandizo, asathamangiremo: ambiri afa populumutsa anzawo.