Osamalira Okalamba Amene Ali Eni Ake a Kampani Yawo

Aliyense amene anasamalirapo gogo wodwala akudziwa kuti munthu wokalamba sakonda kusinthasintha manja. Amene amamusambitsa, kumuveka ndi kumudyetsa amadziwa zinsinsi za thupi lake, ndipo manyazi a nkhalamba sachoka tsiku limodzi. Ku dziko la America, kumene ana ambiri amakhala kutali ndi makolo awo, ntchito imeneyi imagwiridwa ndi anthu olembedwa ntchito amene amayendera okalamba ndi olumala m'makomo mwawo. Vuto lalikulu kumeneko ndi lakuti antchitowa sakhalitsa. Malipiro ndi ochepa, maola ogwira ntchito sadziwika, ndipo m'makampani ambiri oposa theka la antchito amasiya ntchito chaka chisanathe. Wovutika kwambiri ndi gogo uja, amene mwezi uliwonse amatsegulira chitseko nkhope yachilendo.

Tiyeni tione zimene anthu ena anachita pofuna kuthana ndi vutoli ku Bronx, dera la anthu osauka mu mzinda wa New York. M'chaka cha 1985, a Rick Surpin ndi a Peggy Powell, mothandizidwa ndi bungwe la Community Service Society, anayambitsa kampani yotchedwa Cooperative Home Care Associates ndi antchito 12 okha. Maganizo awo anali akuti chisamaliro chabwino sichingachokere kwa munthu amene ntchito yake ikumuzunza. Choncho anaikhazikitsa ngati kopaletivi, kutanthauza kuti eni ake a kampaniyo ndi antchito omwewo. Pofika m'zaka za m'ma 2010 inali ndi antchito pafupifupi 2,000, ambiri mwa iwo amayi achikuda ndi amayi ochokera ku Latin America, ndipo inali kopaletivi ya antchito yaikulu kuposa zonse m'dzikolo.

Umwini umenewu suli wa pakamwa chabe. Wantchito amene wafuna kukhala membala amagula sheya imodzi, imene kwa zaka zambiri mtengo wake wakhala madola 1,000. Salipira pakamodzi: amapereka madola 50 poyamba, ndipo zotsalazo zimadulidwa pang'onopang'ono pa malipiro ake. Akatero amakhala ndi voti imodzi, monga membala wina aliyense, ndipo mamembala ndiwo amasankha ambiri mwa anthu a m'bodi yoyendetsa kampani. Chaka chikayenda bwino, gawo lina la phindu limagawidwa kwa iwo.

Komabe ife tikuona kuti chinthu chofunika koposa si phindu logawanalo, chifukwa silikhala lalikulu. Chofunika ndi malamulo amene antchito amakhazikitsa akapatsidwa mawu. Pa ntchito imeneyi, wodwala akagonekedwa m'chipatala kapena akamwalira, womusamalira amatsala wopanda maola, choncho wopanda ndalama, mpaka atapatsidwa wodwala wina. Mayi amene ali ndi lendi ndi ana sangadikire. Amapita kukafuna ntchito m'sitolo. Kopaletiviyi inakhazikitsa dongosolo lakuti amene wagwira ntchito zaka zitatu azilipidwa maola osachepera 30 pa sabata ngakhale odwala atachepa, malinga ngati iye ali wokonzeka kupita kumene watumidwa. Inayambanso kuphunzitsa olowa kumene mwaulere kwa milungu ingapo, ndi kupatsa aliyense watsopano mnzake wodziwa ntchito woti azimulangiza. Zotsatira zake n'zakuti kwa zaka zambiri osiya ntchito akhala pafupifupi mmodzi mwa anayi pa chaka. Kwa gogo wa ku Bronx, chiwerengero chimenechi chikutanthauza kuti amene akubwera mawa ndi yemwe uja amene akudziwa mankhwala ake, chakudya chimene amakana, ndi mmene amaonekera akayamba kudwala asananene yekha.

Makatekisiti amene anayenda ndi odzipereka osamalira odwala m'makomo pa nthawi imene Edzi inavuta m'maparishi mwathu akumvetsa msanga mfundo imeneyi, pakuti anaona anthu a mtima wabwino akufooka chifukwa panalibe wowasamalira iwowo. Ndipo maganizo akuti wantchito akhale ndi gawo pa umwini wa malo ake a ntchito si achilendo mu Mpingo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawalimbikitsa m'kalata yake ya Laborem Exercens ya m'chaka cha 1981.

Tisaganize kuti umwini wathetsa zonse. Ndalama zambiri zimene kopaletiviyi imalandira zimachokera ku Medicaid, thumba la boma lolipirira chithandizo cha anthu osauka, ndipo si antchito amene amaika mitengo yake. Eni kampani angathe kugawana mwachilungamo zimene zalowa, koma sangagawane zimene boma silinapereke, motero ambiri a iwo akadali anthu a malipiro otsika. N'chifukwa chake m'chaka cha 1991 atsogoleri ake anayambitsa bungwe la Paraprofessional Healthcare Institute, lophunzitsa ndi kulankhulira antchito otere, ndipo m'chaka cha 2003 antchitowo analowa m'bungwe la apantchito la 1199SEIU. Ena anadabwa kuona eni kampani akulowa m'bungwe la apantchito, koma amene ankafuna kukambirana naye za malipiro sanali bwana wa muofesi mwawo. Anali opanga malamulo a ku Albany, likulu la chigawo cha New York.