Kusiyira Mpingo Chuma Kudzera mu Wilo

Akhristu a ku Chiromo, monga anzawo a m'chigwa chonse cha Shire, anazolowera kuthandiza mpingo ali moyo kudzera m'chakhumi ndi zopereka za masika, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti malamulo amalolanso munthu kusiyira mpingo gawo la chuma chake akadzamwalira. Njira yake ndi wilo, yomwe ndi chikalata chofotokoza mmene mwini chuma akufunira kuti katundu wake adzagawidwe, ndipo lamulo loyendetsa zimenezi ndi la chuma cha masiye la mu 2011, limene linalowa m'malo mwa la mu 1967.

Munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene mutu wake ukuyenda bwino, angathe kulemba wilo ndi kuisayinira pamaso pa mboni ziwiri, zomwe nazonso zimasayina. Munthu akamwalira wopanda chikalatachi, chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi ena amene ankadalira iye, moti mawu amene ananena kwa abusa ali pa mphasa ya matenda sapatsa mpingo gawo lililonse. Popeza mipingo yambiri imasunga katundu m'dzina la matrasti ake, omwe ndi anthu olembetsedwa kuboma kuti aziyang'anira chuma cha mpingo, wolemba wilo ayenera kutchula dzina lenileni la mpingowo, kaya ndi Dayosizi ya Chikwawa kapena wina, osati dzina la m'busa kapena wansembe, amene mawa angasamutsidwe.

Chimene atsogoleri a mpingo ayenera kuchisamala kwambiri ndi ufulu wa banja lotsala. Wilo ikasiya mkazi wamasiye ndi ana manja ali m'khosi, bwalo lamilandu lili ndi mphamvu yowapatulira gawo pa chumacho, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ngakhale wolandayo atatchula dzina la Mulungu. Nkhaniyi ndi yovuta kudera la Chiromo, kumene Asena, omwe amatsata mbali ya bambo, amakhala limodzi ndi Amang'anja, omwe amatsata mbali ya mayi, chifukwa ng'ombe imodzi yosiyidwira mpingo ingathe kuutsa mkangano pakati pa malume, ana ndi akuchimuna. N'chifukwa chake si bwino kuti m'busa alembere mkhristu wake wilo kapena akhale mboni pa chikalata chopindulira mpingo wake.

Munda ndi dimba n'zovutirapo, popeza malo ambiri kumeneko ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu ndi mabanja, ndipo munthu sangapereke chimene si chake yekha. Ndalama, ziweto kapena nyumba ya mapepala ake ndi zimene zimasiyidwa popanda chikayiko. Poti ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, madzi osefukira analowa m'nyumba mu 2015 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu 2023, wilo isamasungidwe m'sutikesi kunyumba, koma ikasungitsidwe ku ofesi ya bwanamkubwa ku Nsanje, kubanki kapena kwa loya, ndipo wachibale wodalirika adziwe kumene ili.