Bambo ali nako, mai alibe: yankho lina lili m'magazi

Si zacilendo kuno ku Feira kumva kuti banja linapita kukapimitsa magazi ku cipatala ca Katondwe, bambo n'kupezeka ndi kacilombo ka HIV koma mai alibe. Pamenepo manong'onong'o amabuka. Ena amati makina ananama, ena amati mai anadya mankhwala acikuda, ndipo mabanja ena amapasuka.

Koma akatswili anapeza kuti cimodzi mwa zifukwa zake ndi cibadwa ca munthu.

M'thupi muli asilikali ochedwa ma T cell. Iwo saona mdani amene wabisala mkati mwa selo. Selo lodwalalo liyenela kunyamula kacidutswa ka kacilomboko n'kukaonetsa kunja, monga mlimi amene amaonetsa anzake phazi la njovu m'munda kuti adziwe cimene calowa. Timanja tonyamulila kacidutswako timachedwa HLA. Timatengela kwa atate ndi amai, ndipo mitundu yake ndi masauzande.

Kusiyana kwake kumakhala kocepa zedi. Mitundu ya B*58:01 ndi B*58:02 imasiyana pa timfundo titatu cabe. Komabe ku Durban, m'caka ca 2004, ofufuza anaona kuti anthu okhala ndi mtundu woyambawo anali ndi tizilombo tocepa m'magazi, pamene a mtundu waciwili anali ndi tambili. Dzanja likasintha pang'ono, limagwila kacidutswa kena, ndipo msilikali amaona zosiyana.

Nako ku Lusaka, Dr Susan Allen ndi anzake anayamba mu 1994 kutsatila mabanja amene mmodzi yekha ali ndi kacilombo. Zotsatila za mu 2004 zinaonetsa kuti kacilombo kanali kufulumila kupita kwa wina ngati mwamuna ndi mkazi ali ndi HLA-B yofanana. Akatswili amaganiza kuti kamakhala kataphunzila kale kuzemba asilikali a mtundu umenewo.

Conco, abale, amene alibe kacilombo lelo asadzione ngati mwala. Cibadwa cimangocedwetsa, siciteteza kothelatu. Pitilizani kupimitsa pamodzi. Amene ali nako akamamwa ma ARV tsiku ndi tsiku mpaka kacilombo kasamaoneke popima, sapatsila mnzake.

Inu a Mphakati ndi ankhoswe, banja lotele likabwela kwa inu, musathamangile kuweluza. Lipelekezeni ku cipatala, ukwati upulumuke.